Anawerengedwa Koma Sanatchulidwe Mayina: Kalembera ndi Mabanja a m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Kalembera wa mu 1921 anapeza kuti m'dziko la Nyasaland munali anthu 120,776 amene boma la atsamunda linkawatcha Anguru. Mu 1931 chiwerengerocho chinafika pa 235,616, ndipo mu 1945 chinali pa 379,638. Palibe mtundu wa anthu umene ungachuluke kupitirira katatu m'zaka 24 chifukwa cha kubereka kokha. Ambiri mwa anthu amenewa anachita kubwera wapansi kuchokera ku Mozambique, kuwoloka Ruo ndi Muloza, mitolo ili pamutu, ana ali kumsana. Anakhazikika ku Mulanje, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Zomba, ndipo manja awo ndi amene anazula zitsa n'kudzala tiyi amene lero wakuta zitunda za Thyolo.

Ziwerengero zitatuzi ndi umboni waukulu wa msamuko umene unasinthiratu chigawo chakummwera. Komatu m'malipoti onsewo simupezeka dzina la mayi kapena bambo ngakhale mmodzi mwa owolokawo. Mwana wa ku Thyolo amene akufuna kudziwa kumene makolo ake anachokera ayenera kuzindikira zimenezi asanakwere basi ya ku Zomba, kumene kumasungidwa zolemba zakale za boma. Kalembera wakale amuuza kuchuluka kwa anthu, nthawi ndi dera, koma mayina ayenera kukawafuna kwina, ndipo kwinako kukutha pang'onopang'ono ife tikuyang'ana.

Malo atapita, tiyi n'kubwera

Azungu asanafike, dera la Thyolo linali la Amang'anja, ndipo m'zaka za m'ma 1800 kunabweranso Ayao ndi Angoni, monga a kwa Bvumbwe. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Mmodzi mwa amene analandira malo aakulu anali Eugene Sharrer, ndipo mu 1902 malo akewo analowa m'kampani ya British Central Africa Company, imene inakhala mwini wa chigawo chachikulu cha boma limene pa nthawiyo ankalilemba kuti Cholo.

Zikalata zambiri zinali ndi mfundo yakuti midzi ndi minda imene mzungu anaipeza pamalopo isasokonezedwe. Mu 1903 woweruza Nunan, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, anagamula kuti anthu opezeka kale pamalo sayenera kulipira lendi. Apa ndiye panayambira kusiyana kumene kwatsata mabanja a ku Thyolo mpaka lero, pakati pa opezeka ndi obwera. Wopezeka anali ndi chomuteteza, ngakhale chinali cha papepala chabe. Wobwera analibe.

Eni maesiteti anayesa khofi, thonje ndi fodya, kenaka anakhazikika pa tiyi. Henry Brown anadzala tiyi ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo mbewuyi inayamba pa esiteti ya Bandanga mu 1908. Maclean Kay anayambitsa Satemwa mu 1923, ndipo mayina ngati Conforzi, Naming'omba, Makwasa, Nchima ndi Zoa anasanduka mayina a malo amene anthu ankabadwirako, kukwatirirako ndi kuikidwako m'manda. Mgwirizano wa mayiko olima tiyi wa mu 1933 utakweza mitengo, minda inakula ndipo mafakitale anachuluka.

Vuto la eni minda linali limodzi. Tiyi amaphuka kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi yomwenso munthu aliyense amafunika m'munda mwake kukapalira ndi kubandira chimanga. Wokhala ndi munda wake sankafuna kuusiya n'kukathyola masamba a mzungu. Amene akanavomera anali munthu wopanda malo, ndipo anthu otero ankawoloka malire chaka ndi chaka, kuthawa msonkho wa Apwitikizi, chibalo ndi mbalamatodya. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inawonjezera mavutowo, pakuti mu 1918 asilikali a Germany otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck, pamodzi ndi adani awo owathamangitsa, anadutsa m'dziko la Alomwe, akutenga chakudya ndi kugwira amtengatenga. Obwerawo ankapatsidwa pomanga nyumba ndi kamunda pa esiteti, ndipo malipiro a malowo anali thangata.

Boma linkawerenga madenga

Kalembera woyamba wa anthu akuda m'dziko muno sanali wowerenga anthu ayi. Mu 1901 ndi mu 1911 boma linatenga chiwerengero cha nyumba zolipira msonkho n'kuchulukitsa ndi nambala yoganizira ya anthu okhala m'nyumba imodzi. Motero linapeza anthu pafupifupi 737,000 mu 1901 ndi pafupifupi 970,000 mu 1911. Kalembera wa mu 1921, 1926 ndi 1931 anayesako kufika m'midzi, koma ankawerenga mudzi wonse pamodzi kudzera mwa nyakwawa: amuna angati, akazi angati, ana angati, a mtundu wanji, a chipembedzo chanji. Wa mu 1945, amene anapeza anthu akuda opitirira pang'ono 2 miliyoni, anakonzedwa bwinoko, komabe mzere umodzi wa papepala unali mudzi, osati munthu. Azungu ndi amwenye, amene anali ochepa kwambiri, ndi okhawo amene ankalembedwa mmodzimmodzi.

Munthu wowerenga malipoti amenewa ayenera kukumbukira chimene mlembi wa boma ankatanthauza kwa anthu a nthawi imeneyo. Wobwera ndi buku ndi cholembera anali munthu wa msonkho. Wolephera kulipira ankamangidwa, nthawi zina nyumba yake inkatenthedwa, ndipo akazi ankagwidwa ngati chikole kuti amuna awo atuluke kumene abisala. Tsono mlembi akamveka kuti ali m'mudzi woyandikana nawo, anyamata ankalowera kuthengo, ndipo nyakwawa yanzeru sinkatchula onse. Amene anali atangowoloka kumene anali ndi chifukwa chinanso chobisalira, poopa kubwezedwa kumene anathawa. N'chifukwa chake R. R. Kuczynski, katswiri amene anasanthula ziwerengero za mayiko olamulidwa ndi Britain m'zaka za m'ma 1940, anachenjeza kuti manambala a ku Nyasaland sayenera kulandiridwa mwachimbulimbuli. Kukwera kwa chiwerengero pakati pa kalembera wina ndi mnzake kunkachokera ku zinthu zitatu zosakanikirana: kubadwa kwa ana, kubwera kwa alendo, ndi kuwongokera kwa kawerengedweko.

Pa esiteti panali chovuta chinanso. Panali mabanja okhazikika, a thangata, amene anali ndi midzi ndi anyakwawa awo pamalo a kampani. Panalinso amuna obwera okha m'dzinja kuchokera kutsidya kwa malire, ogona m'makomboni, olandira phoso, omaliza matikiti angapo n'kubwerera kwawo. Ena mwa iwo sanabwerere. Anakwatira m'midzi yapafupi n'kusanduka akamwini, ndipo zidzukulu zawo zilipo lero. Munthu wotere kalembera ankatha kumuphonya kotheratu, chifukwa panalibe nyakwawa yomuwerengera.

Dzina limodzi la anthu ambiri

Mawu akuti Anguru amene ali m'malipoti akale amabisa zambiri. Owolokawo sanali gulu limodzi. Panali Amihavani, Akokhola, Atakhwani, Amanyawa, Amarevoni, Alikhuku ndi ena, aliyense ndi kalankhulidwe kake ndi dera lake, ena ochokera kufupi ndi phiri la Namuli, ena kufupi ndi malire. Ku Thyolo kunakhazikika Akokhola ambiri. Boma linawaunjika onse pansi pa dzina limodzi, ndipo dzinalo linasanduka chitonzo m'kamwa mwa anthu ena. Mu 1943 Lewis Mataka Bandawe, amene anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, anatsogolera kukhazikitsa bungwe la Alomwe ku Blantyre, ndipo boma linavomera kusiya dzina lonyozalo n'kumagwiritsa ntchito lakuti Alomwe.

Chitonzo chija chinasiya chipsera m'mabuku. Ena ankadzitchula Anyanja kapena Ayao pamaso pa mlembi pofuna kupewa kusekedwa, ndipo makolo ambiri anasiya kulankhula Chilomwe ndi ana awo. Zotsatira zake zikuoneka m'makalembera a pambuyo pa ufulu. Mu 1966 anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse anati amalankhula Chilomwe pakhomo. Mu 1998 anali osakwana 3 pa 100 alionse. Koma kalembera wa mu 2018 atafunsa za mtundu osati chilankhulo, anthu pafupifupi 19 pa 100 alionse anati ndi Alomwe. Anthuwo sanasowe mu 1998 n'kudzatulukiranso mu 2018. Funso linasintha, ndiponso manyazi anachepa, makamaka Mulhako wa Alhomwe utakhazikitsidwa mu 2008 mothandizidwa ndi Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo komweko. Wofufuza aliyense ayenera kuyamba waona funso limene linafunsidwa asanakhulupirire yankho.

Thangata ndi kusamukasamuka

Mbiri ya banja la ku Thyolo kawirikawiri imakhala ndi misamuko ingapo, ndipo malamulo a malo ndi amene amathandiza kuika zaka pa misamukoyo. Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala pamalo a azungu linati wokhala pa esiteti azilipira lendi ya ndalama, kapena kugwira ntchito, kapena kugulitsa mbewu zake kwa mwini malo. Linalolanso mwini malo kuchotsa mpaka limodzi mwa magawo khumi a anthu ake pa zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Mwamuna wochokera kunja kwa esiteti akakwatira mkazi wa pa esiteti sankakhala ndi ufulu womanga pamenepo, chinthu chimene chinalimbana mwachindunji ndi mwambo wa chikamwini.

Madandaulo atachuluka, boma linaitana Sir Sidney Abrahams mu 1946, ndipo iye analangiza kuti boma ligule malo osagwiritsidwa ntchito n'kukhazikapo anthu. Ntchitoyi inayenda mwaulesi. Mu Ogasiti 1953, pamene dziko linkakakamizidwa kulowa m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndipo lendi inali itakwezedwa, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza unabutsa zipolowe zimene zinafalikira ku Thyolo ndi maboma ena akummwera. Anthu 11 anaphedwa. Pambuyo pake boma linafulumiza kugula malo, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwa. Thangata inathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Msamuko sunathere pomwepo. Pakati pa 2004 ndi 2011, kudzera mu ntchito ya Kudzigulira Malo yothandizidwa ndi World Bank, mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, anapeza malo ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Ntcheu. Kotero pali mbumba zimene agogo aakazi anabadwira ku Mozambique, mayi anabadwira pa esiteti, ndipo zidzukulu zikubadwira ku Mangochi. Gogo wa m'banja lotere akamati tinachoka nthawi ya chitaganya, kapena tinafika dzombe litangodutsa, kapena mwana uyu anabadwa chaka cha njala, wakupatsani kale chaka. Chitaganya ndi 1953, dzombe lalikulu ndi la m'zaka za m'ma 1930, njala ndi ya 1949, ndipo nkhondo ya Chilembwe ndi 1915. Alembi a kalembera nawonso akhala akugwiritsa ntchito zochitika ngati zimenezi poyerekeza zaka za anthu osadziwa tsiku lawo lobadwa.

Kalembera wa dziko lodzilamulira

Kalembera woyamba woyendera khomo ndi khomo m'dziko lonse anachitika mu Ogasiti 1966 ndipo anapeza anthu 4,039,583. Wa mu 1977 anapeza 5,547,460, wa mu 1987 anapeza 7,988,507, wa mu 1998 anapeza 9,933,868, wa mu 2008 anapeza 13,077,160, ndipo wa mu 2018, amene alembi anagwiritsa ntchito matabuleti m'malo mwa mapepala, anapeza 17,563,749. Kulumpha kwakukulu kwa mu 1987 kuli ndi chifukwa chake: nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itakankhiranso anthu ochuluka kuwoloka malire omwe aja, ndipo ena anafikira kwa abale amene makolo awo anawoloka kale.

Mu 2018 boma la Thyolo linali ndi anthu 721,456, kutanthauza anthu opitirira 400 pa sikweya kilomita imodzi, pamene dziko lonse linali ndi 186. Koma ngakhale nambala imeneyi imachepetsa kuthithikana kwenikweni, chifukwa imagawa anthu pa malo onse a boma, kuphatikizapo minda ya tiyi, makademiya ndi bulugamu imene simukhala midzi. Wofuna kudziwa zoona aone matebulo a dera la mfumu iliyonse, monga kwa Nchilamwela, kwa Kapichi, kwa Changata, kwa Chimaliro kapena kwa Nsabwe. Akumbukirenso kuti makalembera a masiku ano amachitika m'chilimwe, monga wa mu Juni 2008 ndi wa mu Seputembala 2018, pamene aganyu ambiri othyola tiyi amakhala atachotsedwa ntchito kudikira mvula. Thyolo wa mu Seputembala ndi Thyolo wa mu Febuluwale si mmodzi.

Mayiko ena amatsegula mapepala a kalembera pakapita nthawi. Ku United States amadikira zaka 72, ndipo kalembera wa mu 1950 anatsegulidwa mu Epulo 2022. Ku England ndi Wales amadikira zaka 100, ndipo wa mu 1921 anatsegulidwa mu Januwale 2022. Mdzukulu wa mzungu amene ankayang'anira esiteti ku Thyolo angathe kupeza dzina la agogo ake, zaka zawo ndi nyumba imene ankakhala kwawo asanabwere kuno. Mdzukulu wa amene ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo alibe pepala lotero la chaka chimenecho. Kuno lamulo limateteza chinsinsi cha zimene munthu wauza mlembi, ndipo National Statistical Office ku Zomba imatulutsa ziwerengero zokha. Ntchito ya IPUMS ya ku University of Minnesota imasunga zitsanzo za makalembera a Malawi monga a 1987, 1998 ndi 2008, zochotsedwa mayina. Zimenezi n'zothandiza kwambiri kwa wofufuza za kubereka, imfa za ana, sukulu ndi kusamuka, koma sizingamuonetse munthu agogo ake.

Ngakhale kaundula wa kubadwa sathandiza pa zaka zakale. Lamulo la mu 1904 linkakakamiza okhawo amene sanali akuda kulembetsa ana, ndipo kulembetsa mwana aliyense wobadwa m'Malawi kunayamba kugwira ntchito mu 2015. Chiphaso cha unzika chinabwera mu 2017.

Kumene mayina ali

Malo oyamba ndi pakhonde la mwinimbumba. Alomwe ndi Amang'anja amatsata mzere wa kuchikazi, ndipo mudzi umamangidwa pa amayi ndi ana awo aakazi, pamene mabuku a atsamunda ankalemba mwamuna wolipira msonkho. Wotsata dzina la bambo yekha amasokera msanga, chifukwa bamboyo anali mkamwini wochokera kwina, ndipo banja likatha ankanyamula khasu lake n'kumapita. Funsani za amayi awo a amayi anu, abale awo, malume awo, mfumu imene inawalandira, ndi manda amene anaikidwako. Funsaninso mayina onse a munthu mmodzi, pakuti ambiri anali ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ndi lina limene kapitawo kapena kalaliki analemba pa tikiti chifukwa lenilenilo linamuvuta kutchula. Mayina ambiri amene lero ndi a mabanja anayambira pa tikiti yotero, ndipo abale a mimba imodzi angathe kukhala ndi mayina a makolo osiyana.

Malo achiwiri ndi kutchalitchi. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati ndiwo anayamba kulemba anthu wamba mmodzimmodzi, ndipo kawirikawiri amatchula makolo, mudzi ndi nyakwawa. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, ya mpingo wa Seventh-day Adventist, inayamba mu 1902 ndipo sukulu ndi chipatala chake zatumikira anthu a m'maesiteti kwa zaka zopitirira 100. Maparishi a Katolika ndi mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Blantyre nayonso ili ndi makaundula ake.

Malo achitatu ndi National Archives of Malawi ku Zomba. Kumeneko kuli malipoti a kalembera, malipoti a pachaka a ma DC, mabuku a maboma ofotokoza mafumu ndi mizere yawo, makalata a milandu ya malo ndi a kuchotsa anthu pa maesiteti. Pofufuza lembani Cholo ndi Mlanje, monga ankalembera kale, ndipo yembekezerani kuti dzina la mudzi wanu lilembedwa m'njira ziwiri kapena zitatu. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Akatswiri ena anatsegula kale njira: Robin Palmer analemba za moyo wa antchito m'minda ya tiyi pakati pa 1930 ndi 1953, Wiseman Chijere Chirwa analemba za Alomwe obwera kudzagwira ntchito, ndipo Landeg White, m'buku lake la mu 1987 lonena za Magomero, anasonyeza kuti mbiri ya mudzi umodzi ingalembedwe polumikiza mafayilo a boma ndi zokumbukira za nkhalamba.

Malo achinayi ndi maesiteti enieniwo. Kampani yolipira anthu tsiku ndi tsiku imakhala ndi mabuku oitanira mayina, a malipiro, a lendi, a kuchipatala ndi a nyumba za antchito. Kulikonse kumene mabuku otere apulumuka ku chiswe ndi ku kusintha kwa eni ake, ndiwo kalembera weniweni wa anthu a thangata, pakuti munthu amene boma linamuphonya, mwini munda sankamuphonya.

Ntchito imene yatsala

Palibe gwero limodzi mwa anayiwa limene lingakwanire palokha, pajatu mutu umodzi susenza denga. Gogo amakumbukira mayina koma amasokoneza zaka. Kalembera ali ndi zaka ndi manambala koma alibe mayina. Buku la ubatizo lili ndi dzina ndi tsiku koma silinena chimene chinathamangitsa banjalo kwawo. Zikaikidwa pamodzi, munthu amatha kunena motsimikiza kuti mbumba yathu inawoloka cha m'ma 1920, inakhala pa esiteti yakuti pansi pa nyakwawa yakuti, inachotsedwa chitaganya chisanayambe, n'kudzamanga pano.

Nkhaniyi si yokhutiritsa chidwi chokha. Ku Thyolo mikangano ya malo, ya ufumu ndi ya malire a midzi imabwerera ku funso lakuti anafika liti ndipo anamulandira ndani. Anthu amene makolo awo anamanga chuma cha tiyi ayenera kukhala ndi njira yoonetsera zimenezo ndi umboni. Choncho makampani a tiyi, kudzera mu Tea Association of Malawi, achita bwino kusonkhanitsa mabuku akale a antchito n'kuwapereka kapena kuwajambulitsa ku National Archives. Mipingo ijambule makaundula ake asanafufutike. Aphungu a Nyumba ya Malamulo aganizire zoika m'lamulo kuti zolemba za kalembera zisungidwe bwino ndi kudzatsegulidwa pakapita zaka 100, kuti ana obadwa m'tsogolo adzapeze mayina athu. Ndipo banja lililonse lisadikire boma. Amene anali ana pa njala ya 1949 ndi pa zipolowe za 1953 tsopano apitirira zaka 70, ndipo ndi omaliza amene anamva nkhani ya kuwoloka kuchokera m'kamwa mwa owolokawo. Foni imene ili m'thumba mwanu imajambula mawu, ndipo kope la kusukulu ndi lokwanira kulembamo mizere inayi ya mbumba. Pitani mukawafunse chaka chino.